Makiyi Anali M'thumba Mwanga

Lolemba, 9 Juni 2025

Akuti lero ndi Lolemba. Ine tsiku lomaliza lomwe ndikulidziwa ndi Lachisanu, ndili pa shedi ya kopaletivu yathu kuseri kwa msika wa Lundazi, ndikukangana ndi mlimi wina pa sikelo kuti mtedza wake sunaume. Loweruka ndi Lamlungu sindinawaone n'komwe. Ndiye ndatuma mkazi wanga Lucia kuti andigulire kope ndi bolopeni, tsiku lina lingandithawenso.

Dzina: Haswell Mtonga, zaka 64, mphunzitsi wopuma, mlembi wa kopaletivu ya Tiyezge. Wodi ya amuna, bedi lachitatu kuchokera kukhomo. Timapaipi ta mpweya m'mphuno, diripi kudzanja lamanzere. Bipi 118 pa 74. Mtima ukugunda ka 68 pa mphindi. Nthiti ziwiri zothyoka. Ndikatsokomola ndimaitana amayi anga omwe anamwalira kalekale.

Ndafunsa Lucia kuti nthitizi ndinazithyola bwanji, kodi ndinagwera pa sikelo? Iye wangoti, "Imwani phala, likuzizira." Zaka 38 ndili naye mayi ameneyu. Akati imwani phala, ndiye kuti pali nkhani.

Lachiwiri, 10 Juni

Achotsa mpweya. Andimata timawaya pachifuwa, makina atulutsa pepala lalitali la mizere yokhotakhota, yonga zolemba za ana anga a giredi wani. Mankhwala: asipirini mmodzi m'mawa, kapiritsi koyera kochepetsa liwiro la mtima, kena ka mafuta a m'magazi madzulo, panado wa nthiti katatu pa tsiku. Mchere ayi. Mchere ayi, abale inu! Nyemba za masana ndazidya ngati chilango.

Dokotala wathu ndi a Claire Mvula, mayi wamfupi wa ku Chipata, wolankhula mosazungulira. Akuti, "Bambo Mtonga, inu simunakomoke. Mtima wanu unaima. Magetsi ake anasokonezeka, m'malo mopopa magazi unkangonjenjemera. Zikatero munthu amangogwa osatsazika, amasiya kupuma, ndipo kumuthira madzi kapena kumukupiza sikumudzutsa. Chofunika ndi manja okankha pachifuwa ndi makina opatsa mtima shoko."

Makinawo ndikuwadziwa, si ndine ndimawasunga! Dzina lake la Chizungu ndi difibirileta, lilime limapindika, ndiye ife pa shedi timangoti kabokosi. Anatipatsa chaka chatha mwana wa membala wathu, nesi wogwira ntchito kunja, mkulu wake atagwa pabwalo la mpira n'kufera pomwepo. Anati tikapachike pakhoma, poti shedi yathu ili pafupi ndi msika komanso pokwerera mabasi. Pakhoma, pomwe ngakhale kalendala sikhala sabata? Ine ndinakaika m'kabati ya mu ofesi, ndinakafunditsa nsalu yoluka ya Lucia, n'kugula loko wamkulu ngati chibakera. Mwezi uliwonse ndinkatsegula kuona ngati kanyali kake kobiriwira kakuthwanima, n'kupukuta fumbi, n'kutsekanso.

Ndawauza dokotala zonsezi monyadira. Afunsa, "Nanga makiyi anali kuti?" Ndati, "Pamalo pake, m'thumba la buluku langa." Andiyang'ana nthawi yaitali, kenako alemba china chake pafaelo.

Bedi la kumanja kwanga kuli a Whiteson Zimba, mlimi wa fodya, mwendo uli m'mwamba pa chingwe. Njinga yamoto inawataya m'ngalande. Atamva za makiyi aseka mpaka chingwe kugwedera. Ine sindinaone choseketsa.

Lachitatu, 11 Juni

Bipi 124 pa 78. Kukuzizira, Lucia wabwera ndi bulangete lachiwiri. Ndayenda masitepe khumi ndi awiri mpaka pazenera, nesi Friday atandigwira mkono. Popukuta m'thupi ndaona zachilendo. Pachifuwa panga pali malo awiri opanda cheya, ena pansi pa phewa lamanja, ena m'nthiti kumanzere, osalala bwinobwino. Anandimeta ndani, ndipo chifukwa chiyani malo awiri okha?

Alendo: Lucia ndi mbatata yophika, mwana wanga Amock ndi nthochi, mlongo wanga wamkulu a Racheal ndi nkhope ya maliro. Ndafunsa, "Nanga aNyaKumwenda sakubwera bwanji?" Ndimanena Tryphena, mkazi wa Amock, mkamwana wanga. Amagwira ntchito yoteteza nyama ku Lukusuzi, koma mwezi uno ali pa tchuthi kwathu. Amock wayang'ana pansi. Lucia wati, "Idyani mbatata."

A Whiteson, omwe amanditcha asambizgi, aphunzitsi m'Chitumbuka, ndiwo alephera kupirira. "Asambizgi, anthu awa akubisani. Mkazi wanga analipo pa shedi paja, zonse anaona ndi maso." Lucia wayesa kuwaletsa ndi dzanja, koma munthu womangidwa mwendo sabata zitatu, pakamwa ndipo pokha pamayenda.

Akuti nditagwa, amayi anayamba kulira. Wina anandithira madzi. Wina anati ndi khunyu, musamukhudze. Wina anavula chitenje n'kundifunditsa kumaso, basi, a Mtonga atisiya. Tryphena anali pamzere ndi matumba a mtedza wathu. Kuntchito kwawo anawaphunzitsa zothandiza munthu wogwa mwadzidzidzi. Anakankha anthu, anataya chitenjecho uko, anagwada, n'kuyamba kundimenya m'mapewa akufuula, "Haswell! Haswell!"

Apa ndawaimika a Whiteson. "Anati chiyani?"

"Haswell, asambizgi. Kawiri. Msika wonse unamva."

Zaka zisanu ndi ziwiri ali pabanja pathu, mwana ameneyu sanatchulepo dzina langa. Tikakumana panjira amapatuka n'kugwada cham'mbali. Akanditengera madzi osamba amauza Lucia kuti andiuze. Sitinadyerepo pamodzi, sitinapatsanepo chanza. Ndiwo ulemu wa kwathu pakati pa mkamwana ndi apongozi ake aamuna, ndipo ine ndinkamutama nawo kwa anthu.

Koma a Whiteson anali asanamalize. Tryphena ataona kuti sindikupuma, anang'amba shati yanga, mabatani balala, n'kuyamba kukankha pachifuwa ndi manja onse awiri. Nthiti inalira thyo, iye osasiya. Anafuula kuti abweretse kabokosi. Anthu anathamangira mu ofesi, anapeza loko. Onse ankadziwa komwe kuli makiyi, koma ndani angapise m'thumba la maliro? Amuna akuluakulu anangoima manja kumbuyo. Ndiye anapisa yekha, m'thumba la buluku la apongozi ake, pagulu, n'kuponyera mlonda makiyiwo. Kabokosi katafika anamata zomata zake ziwiri pachifuwa panga, ndiye ometa anga aja. Kanalankhula Chizungu kuti aliyense atalikire, iye anadina batani, thupi langa linadumpha. Anapitiriza kukankha mpaka ndinakoka mpweya.

Ndikanayenera kulira ndi kuthokoza. Koma m'maso mwanga mwangobwera nkhope za mamembala, ena a iwo ana omwe ndinawaphunzitsa ndekha, akuonerera mkamwana ataweramira pamimba panga, dzanja lili m'thumba. Manyazi andigwira, ndipo pakamwa panga patuluka mawu akuti, "Kalanga ine! Bola mukanangondisiya ndife ndi ulemu wanga."

A Racheal agwedeza mutu, anyamula chikwama chawo, atuluka.

Lachinayi, 12 Juni

Nthiti zikupweteka. Bipi 138 pa 86. Sindinayende.

Amock wabwera yekha masana. Akuti a Racheal anapita molunjika kunyumba n'kukatula mawu anga kwa Tryphena osasiyako ndi limodzi lomwe, n'kuwonjezerapo awo: asaonetse nkhope kwa ine mpaka atabwera ndi nkhuku yopepesera pamaso pa akuluakulu. Kuyambira Lachisanu lija akuti tsiku lililonse Tryphena ankafika pageti la chipatala n'kubwerera chifukwa cha manyazi. Lero m'mawa wamanga katundu, wapita kwa amayi ake ku Kapichila. Wauza Amock kuti tchuthi chikatha adzalunjika ku Lukusuzi, pakhomo pa a Mtonga sadzapondanso.

Amock sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Wangosenda nthochi n'kundipatsa.

Lachisanu, 13 Juni

Sabata yakwana chimwalirire ine. Bipi 130 pa 80. Atenga magazi m'mabotolo awiri. Masitepe makumi atatu.

Nkhani m'wodi siigona, dokotala Mvula amva kale zomwe ndinanena. Akhala pamphepete pa bedi langa, chinthu chomwe sachita kwa wina aliyense.

"Bambo Mtonga, munali mphunzitsi, tiyeni tichite samu. Mtima ukaima, mphindi iliyonse yodutsa popanda thandizo imadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mwayi wopulumuka. Galimoto inakufikitsani kuno patapita mphindi 25. Pakanapanda kuchitika kanthu ku shedi kuja, ine ndikanalandira mtembo. Loko wanu uja anadya mphindi zingati?"

Ndati mwina zitatu.

"Chinakusungani pa mphindi zitatuzo ndi manja a mpongozi wanu. Nthiti zimapola, bambo. Oopa kuthyola nthiti amaika m'manda munthu wa nthiti zake zonse."

Ndafunsa ngati kabokosi sikangaphe munthu wongokomoka, poti ndicho china chomwe ndinkakatsekera. Akuti ayi. Kamayamba kamvetsera mtima, ndipo ngati shoko sakufunika sikapereka, ngakhale udine batani mpaka chala chitupe. Aliyense angakagwiritse ntchito, wogulitsa tomato, kondakitala, mlonda, poti kamanena chochita ndipo pa zomata pali zithunzi. Safunsa anadya phula. Chaka chathunthu ndakhala ndikukapukuta fumbi osafunsa munthu.

Andiuzanso kuti Lachiwiri anditumiza ku Lusaka kukajambulitsa mtima pa makina akuluakulu, mwina akandiika kachipangizo pansi pa khungu koti kazindilondera. Ndikakhalako sabata zingati sakudziwa. Tchuthi cha Tryphena chikutha Lachitatu. Ndikachoka tisanaonane, ndiye kuti ndamupasulira mwana wanga banja ndi pakamwa panga. Zikundiwawa kuposa nthiti.

Dokotala atatuluka, a Whiteson ati, "Asambizgi, manyazi anapha lambe. Mtima unakuphani kamodzi, lomba mufuna manyazi akupheni kachiwiri?" Ayesa kundinyengerera ndi kapenta, tinsomba ta mchere tomwe amabisa pansi pa pilo. Ndakana zonse ziwiri, kapenta ndi kuyankha.

Loweruka, 14 Juni

Bipi 126 pa 78. Komiti ya kopaletivu yabwera, amuna anayi ndi chigubu cha maheu. Andiyang'ana ngati mzukwa. Wapampando, a Danwell, mpaka andigwira chala chakuphazi kuti atsimikize kuti n'chofunda.

Ndawafunsa mmodzimmodzi kuti tsiku lija anali kuti. Onse analipo! A Danwell akuti ankapemphera. Wachiwiri akuti ankabweza anthu kuti ndipeze mphepo. Wachitatu akuti iye ndi ine chiwongo n'chimodzi, sakanakhudza thupi adzukulu oika maliro asanafike. Wachinayi wangonena zoona kuti miyendo inauma. Ndati, "Zikomo abale anga, mukanandiika m'manda mwaulemu kwabasi."

Kenako ndatulutsa mawu aja omwe ndinkaimitsira ana pamzere. Kabokosi katuluke m'kabati lero lomwe. M'chivundikiro chake muli zomata zina zatsopano, alumikize zimenezo. Kapachikidwe pakhonde la shedi, pomwe mayi wamfupi angafikire, popanda loko. A Danwell ati, "Nanga akakaba?" Ndati, "Akakaba tidzalira makina. Kakakhala m'kabati tidzalira munthu. Ine ndalawako, sankhani." Avomera. Ndawauza kuti loko uja ndi makiyi ake andibweretsere kuno.

Masana ndamuuza Lucia maganizo anga. A Racheal akufuna nkhuku, chabwino, nkhuku iyenda. Koma iyenda kuchoka kwa Mtonga kupita ku Kapichila. Agwire thadzi langa loyera lija, lomwe ndimakaniza ngakhale pa Khirisimasi. Lucia wagwira pakamwa. "Apongozi kupepesa mkamwana? Munazionapo kuti?" Ndati, "Nanga iwe mwamuna wouka kwa akufa pa sikelo ya mtedza unamuonapo kuti?" Waseka koyamba chibwerere kuno.

Lamlungu, 15 Juni

Kwaya ya kumpingo yabwera kudzaimba m'wodi. Nyimbo zitatu, zonse za maliro. Ndafunsa chifukwa chake. Wotsogolera waulula kuti ndizo anakonzekera Lachisanu lija atamva uthenga woyamba, ndiye anaona kuti zisapite pachabe. A Whiteson aimba nawo besi mwendo uli m'mwamba. Ndaseka mpaka nesi Friday wandipatsa pilo kuti ndizikumbatira pachifuwa.

Amock wanyamuka pa njinga yamoto, thadzi lili m'dengu, loko ndi makiyi zili m'thumba la jekete. Ndamuuza kuti uthenga akaunene monga momwe ndaunenera ine, asakaukometse: "Wolakwa ndine. Loko uyu anafuna kundipha, inu munandiwombola, ine n'kukulipirani ndi mawu oipa. Ndikupita ku Lusaka Lachiwiri. Ndikupempha ndikuoneni ndisanapite."

Lolemba, 16 Juni

Bipi 146 pa 90. Nesi Friday wafunsa ngati ndaba mchere, diso lili kwa a Whiteson. Sindinabe.

Amock wabwerako yekha. Nkhuku analandira amayi ake a Tryphena. Mwini wake anamvera uthenga ali m'khitchini, sanayankhe kanthu. Loko yekha ndiye anatenga.

A Racheal atamva za thadzi abwera akuyaka moto. Akuti ndanyazitsa mtundu wonse wa a Mtonga, mawa akamwana onse azidzatiitana maina ngati anzawo osewera nawo. Ndawasiya amalize. Kenako ndati, "Alongo, tsiku lija mukanakhalapo inu, mukanapisa m'thumba mwanga?" Iwo ati, "Ine ndikanalira." Ndati, "Ndikudziwa, ndipo mukanalira bwino kuposa onse." Andimenya ndi chikwama pamwendo, misozi ili mbwembwembwe. Potuluka asiya malalanje awiri pa kabati.

Ambulansi inyamuka mawa 9 koloko m'mawa. Lucia walongedza kale chikwama. Ndili ndi mantha, osati ndi Lusaka ayi.

Lachiwiri, 17 Juni

Ndikulemba ndili m'ambulansi, tikadali pageti, dalaivala akusainitsa mapepala. Zilembo zikhota.

Bipi 128 pa 80. Pofika 8 koloko ndinali nditavala kale, maso ali kukhomo. Walowa wokolopa. Walowa wa tiyi. Nesi Friday wabwera ndi mpando wa matayala, ndamuuza kuti ndikufuna kaye kuchimbudzi, bodza lenileni. Ndipamene a Whiteson atsokomola mwadala. Pakhomo la wodi panali Tryphena, atagwada pa simenti yonyowa, nkhope cham'mbali monga mwa masiku onse, Amock ali kumbuyo kwake.

"Monire, adada." Chapansipansi.

"Monire, amama. Senderani kuno."

Wasendera mpaka pa bedi loyamba. Ndati kuno. Wafika pa bedi lachiwiri, wagwadanso. A Whiteson ati, "Amama, munthu uyu munamuthyola nthiti ziwiri, lelo muopa bedi lake?" Wodi yonse yaphulika. Iye wabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedera, osadziwika ngati akuseka kapena akulira. Zinali zonse ziwiri.

Atafika pafupi watulutsa kamtolo, wakapereka kwa Lucia kuti andipatse. Ndati ayi, andipatse yekha. Inali shati yanga ija, yochapa, yosita, yosokedwa bwino. Anabwerera ku shedi tsiku lomwe lija n'kutola mabatani m'makoko a mtedza.

"Ndinakung'ambirani shati, adada. Batani limodzi sindinalipeze, ndaikapo lakuda."

Ndavula yomwe ndinavala, nthiti zikudandaula, ndavala imeneyo. Kenako ndatenga lalanje la a Racheal, ndasenda, ndaligawa pakati, theka iye theka ine, pamaso pa Lucia, Amock ndi wodi yonse. Kwathu apongozi akadya ndi mkamwana ndiye kuti am'masula, wasanduka mwana wa m'nyumba. Wadya. Lalanjelo linali lowawasa zedi, koma tamaliza.

Ndamupempha kuti akadzabweranso pa tchuthi adzaphunzitse komiti ndi amayi a pamsika kukankha pachifuwa ndi kumata kabokosi. Wavomera, akuti thumba la mtedza likhoza kukhala wodwala, ndipo ayamba ndi a Danwell. Ndafunsa za loko. Akuti wabwera naye, akamuika pa khola la nkhuku kunyumba kwathu. Kunyumba kwathu, watero. Amock watulutsa mpweya womwe ndikuganiza kuti anausunga kuyambira Lachinayi.

Nesi Friday waloza wotchi. Ndati, "Chatsala chimodzi, amama. Msika wonse unakumvani mukunditchula dzina. Mwini wake yekha ndiye sindinamve, ndinali kulibe. Nditchuleni."

"Adada, sindingathe."

"Ndigwenso kodi?"

"Ayi!" Wafuula mpaka wa tiyi watembenuka. Ndiye mawu ake enieni amenewo, zaka zisanu ndi ziwiri ndinali ndisanawamve.

Wakweza mutu, wandiyang'ana m'maso koyamba.

"Haswell."

Zaka makumi atatu ndinkaitana maina m'kalasi m'mawa uliwonse, ana n'kumayankha. Lero ndakweza dzanja ine.

"Ndilipo."